Kuumitsa timitengo tosemera popanda kung'aluka

Ambiri amene akuphunzira kusema amagwa pamalo amodzimodzi. Munthu wapeza nthambi yabwino, yowongoka, yopanda mfundo, waidula bwinobwino n'kuiika pambali kuti iume. Pakatha masabata awiri kapena atatu amaipeza yatsegula mng'alu kuchokera pakati mpaka kukhungwa, woti n'kulowetsamo chala. Wina amasema kaye, kachiboliboli n'kutha mokongola, kenako tsiku lina n'kupeza nkhope ija yagawika pawiri ili pashelefu. Akatero amati mtengowo unali woipa. Nthawi zambiri mtengo sunalakwe kanthu. Unangouma msanga kunja pamene m'kati mudakali madzi.

Madzi a mumtengo amatuluka okha, kaya mufune kaya musafune. Ntchito yanu ndi kuwachedwetsa kuti atuluke mofanana mbali zonse. Malangizo awa ndi a tizidutswa ting'onoting'ono: tosemera masipuni, zigwiriro za mipeni, timbale, tiziboliboli ta m'manja, zonse zosapitirira masentimita 10 kunenepa kwake.

Zofunika kukhala nazo

Sowo yakuthwa.
Nkhwangwa kapena chikwanje, ndi chibonga chomenyera pong'amba.
Mpeni wochotsera khungwa.
Chomatira mitu ya mtengo: phula, makandulo, guluu woyera wa akalipentala, kapena penti wokhuthala. Chimodzi chokha chikwanira.
Kachitini kosungunulira phula ndi kaburashi kakale.
Matumba a pepala, manyuzipepala akale kapena katoni.
Utuchi ndi tizibanthu ta mtengo womwewo.
Timitengo touma tolekanitsira zidutswa, tonenepa ngati masentimita 2.
Sikelo yowerenga magalamu.
Pensulo kapena maka, ndi kabuku.

Pa zonsezi chimene anthu amachinyalanyaza ndi sikelo, chikhalirecho ndi chomwe chidzakuuzeni zoona. Kamakina koyezera chinyezi ka timano tiwiri n'kabwino ngati muli nako, koma musakakamizike kukafuna.

Gawo 1: Sankhani bwino, dulani motalikitsa

Yang'anani podulidwa. Muona mizere yozungulira ndi kadontho pakati pomwe mizereyo yayambira. Kadontho kameneka ndiye mtima wa mtengo. Ngati kali pakati penipeni, mtengowo unakula mowongoka ndipo suvuta kwambiri. Ngati kasendera mbali imodzi, ndi nthambi yomwe inakula chopingasa kapena thunthu lomwe linali lopendekeka, ndipo mtengo wotere umapotoka pouma ngakhale muusamalire chotani. Ungathe kusemedwabe, makamaka ngati mukufuna sipuni yokhota, koma musaudalire pa chinthu chofunika kuwongoka. Pamphanda ndi pamfundo napo ulusi wa mtengo, timizere toyenda m'litali mwake, umasokonekera, ndipo ming'alu imakonda kuyambira pomwepo.

Dulani chidutswa chotalikirapo kuposa chomwe mukufuna. Onjezani masentimita 5 mbali iliyonse, chifukwa mitu iwiriyi mudzaitaya.

Chenjezo: ngati chipikacho chagona masiku angapo chidulidwire, mitu yake yayamba kale timing'alu tomwe maso sangatione. Dulani kachigawo kopyapyala kumutu, mukapinde ndi manja. Kakathyoka mosavuta motsata mzere wochokera pakati, mng'alu ulipo. Dulaninso china mpaka mupeze cholimba. Mng'alu womwe wayamba kale suima chifukwa choti mwaupaka phula pamwamba.

Mitengonso siuma mofanana. Bulugama amang'aluka ndi kupotoka mwamsanga, nthawi zina angogwa kumene. Mango amagwidwa msanga ndi chuku ndi tizilombo toboola. Malaina amachedwa kuuma koma akauma amakhazikika. Mlombwa umachepa pang'ono kwambiri, n'chifukwa chake amisiri amaukonda. Phingo ndi wolemera, wothinana, amafuna kuleza mtima kwa zaka. Paini ndi jakaranda amauma msanga osavutitsa, ndipo wophunzira angachite bwino kuyambira pamenepo.

Gawo 2: Ng'ambani pakati, chotsani mtima

Ili ndiye gawo lomwe limapulumutsa mitengo yambiri, komanso ndi lomwe anthu amalikana chifukwa amamva chisoni kung'amba nthambi yozungulira bwino.

Mtengo ukamauma umadzikoka n'kuchepa, koma suchepa mofanana. M'litali mwake umachepa pang'ono kwambiri moti simungazindikire. Kuchokera kukhungwa kulowera kumtima umachepa pang'ono. Motsata mizere yozungulira ija umachepa pafupifupi kawiri kuposa pamenepo. Ndiye pa nthambi yathunthu, mizere yakunja imafuna kufupika kwambiri koma za m'kati sizikuilola. Mapeto ake imang'ambika yokha kuti ipeze mpata. Mng'alu wooneka ngati mwadula kagawo kuchokera pakati umachokera apa, ndipo palibe phula kapena thumba lomwe lingauletseretu ngati mtima udakalimo.

Imikani chidutswacho pa chipika china. Ikani nkhwangwa pamutu modutsa pa kadontho kaja, muimenye ndi chibonga mpaka mtengo ugawike pawiri. Ngati pamutupo pakuoneka kale kamng'alu, ikani nkhwangwa momwemo, mtengo wakusonyezani kale pomwe ukufuna kugawikira. Mukatero palani mbali yophwatalala ya theka lililonse, muchotse mtima ndi mizere iwiri kapena itatu yoyandikana nawo, pafupifupi sentimita imodzi. Chipika chikakhala chachikulu, ng'ambaninso theka lililonse kuti mukhale ndi zidutswa zinayi.

Kung'amba n'kwabwino kuposa kucheka ndi sowo chifukwa nkhwangwa imatsata ulusi wa mtengo. Chigwiriro cha sipuni chochokera pa mtengo wong'ambidwa sichithyoka wamba. Koma pa mtengo wa ulusi wopotana, umene nkhwangwa ikungodumphapo, gwiritsani ntchito sowo basi.

Chenjezo: musamenye nkhwangwa ndi hamala yachitsulo. Chitsulo pa chitsulo chimathothola tizibanthu tomwe tingakulowe m'maso.

Gawo 3: Chotsani khungwa

Pa zidutswa zong'amba, chotsani khungwa lonse tsiku lomwelo, lidakali losavuta kusenda. Pansi pa khungwa ndi pomwe tizilombo timaikira mazira, ndiponso pamasunga chinyontho chomwe chuku chimachikonda.

Pa timitengo tating'ono tozungulira tomwe simungating'ambe, monga ta ndodo, musasende lonse. Palani timizere titatu kapena tinayi m'litali, khungwa lina n'kulisiya. Madzi azitulukira m'timizeremo pang'onopang'ono.

Gawo 4: Matani mitu, musachedwe

Mtengo uli ngati mtolo wa bango womangidwa pamodzi: timabowo tonse timatsegukira kumitu. Madzi amatulukira kumituko mofulumira kakhumi kapena kuposerapo poyerekeza ndi m'mbali. Mutu umauma n'kuyamba kuchepa pamene masentimita ochepa chabe kulowa m'kati mtengo udakali wofufuma ndi madzi. Kukokana kumeneku ndi kumene kumabala timing'alu tambirimbiri tapamutu, tomwe kenako timayenda m'litali.

Matani mitu iwiri yonse pasanathe ola limodzi chidulireni. Kukakhala kotentha ndi kamphepo kouma, timing'alu timayamba tsiku lomwelo.

Ngati mukugwiritsa ntchito phula kapena makandulo, ikani m'kachitini, kachitiniko mukaike m'poto wa madzi otentha. Musaike phula pamoto mwachindunji, limayaka likatentha kwambiri, ndipo phula loyaka sazimitsa ndi madzi, amavundikira. Likasungunuka, viikani mutu wa mtengo kwa timasekondi tingapo n'kuutulutsa. Yang'anani mmene laumira. Likaoneka loonekera m'kati, mtengo ukuonekabe pansi pake, ndiye kuti lagwira. Likayera mbuu nthawi yomweyo ngati chigamba, linali lozizira ndipo lidzasendeka lokha pakapita masiku. Litenthetseninso.

Guluu woyera ndi wosavuta kuposa phula, ndipo ine ndimaona kuti pa tizidutswa ting'onoting'ono ndi amene sagwiritsa mwala kawirikawiri. Pakani kamodzi mokhuthala, mudikire aume, mupakenso kachiwiri. Penti amagwiranso ntchito, koma wa madzi amafuna kupaka katatu chifukwa amalola chinyezi kudutsa. Kulinso mankhwala opangidwira ntchito imeneyi, monga Anchorseal, omwe ndi phula losungunulidwa m'madzi.

Chomatiracho chitsikire m'mbali sentimita imodzi kapena awiri kuzungulira mutu. Pakaninso pamfundo ndi paliponse pomwe panadulidwa kanthambi, popeza pamenepo ndi pamutu ponso.

Chenjezo: musamate mtengo wonse. Madzi akasowa potulukira mtengo umaola m'kati. Kupatula kwake ndi mitengo yothinana kwambiri monga phingo, yomwe ena amaimata yonse ndi phula lopyapyala kenako n'kumapala m'mbali pang'onopang'ono pakapita miyezi.

Gawo 5: Yezani, lembani

Chomatira chikauma, ikani chidutswa chilichonse pasikelo. Lembani pa mtengo pomwepo tsiku, kulemera kwake ndi dzina la mtengo. Mukhoza kuganiza kuti mudzakumbukira, koma pakatha miyezi isanu ndi umodzi zidutswa zopanda khungwa zonse zimafanana.

Ngati mukufuna kudziwiratu kulemera komwe mtengo udzafike ukauma, pali njira yake. Dulani kachidutswa kakang'ono ka mtengo womwewo, osati kakumutu, mukayeze. Kaikeni mu uvuni pa madigiri 103 kapena pafupi ndi pamenepo, muzikayeza pakapita maola angapo mpaka kulemera kusiye kutsika. Tinene kuti kanali magalamu 48 ndipo kathera pa 30. Madzi omwe atuluka ndi magalamu 18. Gawani 18 ndi 30, muchulukitse ndi 100: chinyezi chinali 60 peresenti. Tsopano ngati chidutswa chanu chachikulu chikulemera magalamu 800, gawani 800 ndi 1.6 (1 ya mtengo kuphatikiza 0.6 ya madzi a 60 peresenti aja), mupeza 500, komwe ndi kulemera kwa mtengo wokhawokha wopanda madzi. Pa chinyezi cha 12 peresenti chidzalemera 500 kuchulukitsa ndi 1.12, omwe ndi magalamu 560. Nambala imeneyi ilembeni pambali pa zinazo. Masamuwa sakakamiza aliyense, koma amachotsa zongoganizira.

Gawo 6: Kulungani kwa masabata oyamba

Masabata oyambirira ndiwo oopsa, chifukwa kunja kwa mtengo kumauma msanga m'kati musanayambe n'komwe. Ikani zidutswa m'thumba la pepala kapena m'katoni, muzikwirire ndi utuchi ndi tizibanthu ta mtengo womwewo, mupinde kukamwa kwa thumbalo. Ngati mulibe thumba, kulungani ndi mapepala atatu kapena anayi a nyuzipepala. Pepala limamwa chinyezi n'kumachitulutsa pang'onopang'ono, kotero mpweya wozungulira mtengo umakhala wonyowa pang'ono nthawi zonse.

Tsegulani pakapita masiku awiri kapena atatu alionse. Lowetsani dzanja. Utuchi ukamamveka wozizira ndi wonyowa, kapena mukamva kafungo ka m'chinyontho, tulutsani mtengo kwa ola limodzi pamthunzi, musinthe pepala, utuchi muuyanike pang'ono musanaubwezeremo. Pepala likayamba kukhala louma nthawi zonse mukatsegula, nthawi yotuluka m'thumba yakwana. Pa chidutswa cha sipuni zimenezi zingatenge masabata awiri kapena atatu, pa chonenepa mwezi umodzi kapena iwiri.

Nanga jumbo? Pulasitiki salola madzi kutuluka, choncho ntchito yake ndi yosunga mtengo kuti ukhalebe wauwisi, monga pamene mwasiya kusema madzulo kuti mudzapitirize mawa. Ena amaumitsira momwemo, koma pamafunika khama: tsiku lililonse kutulutsa mtengo, kutembenuza jumbo kuti mbali ya timadontho ikhale kunja, n'kuubwezeramo. Mukaiwala sabata imodzi mupeza chuku chakuda chomwe chalowa kale m'kati mwa mtengo, chosachoka ngakhale mupale. Ngati mukufuna kusunga mtengo wauwisi kwa miyezi, uikeni m'jumbo n'kuulowetsa mufiriji mbali yozizira kwambiri yomwe madzi amasanduka ayezi.

Gawo 7: Sanjani pamthunzi podutsa kamphepo

Pezani malo ozizirira, amthunzi, osadontha, komwe mpweya umayenda koma kulibe mphepo yamphamvu. Pansi pa tebulo m'chipinda chosagonamo anthu, kapena pashelefu yam'munsi mosungira katundu, ndi malo abwino. Zidutswa zisagunde pansi. Simenti ndi dothi zimatulutsa chinyontho, ndipo chiswe sichichedwa.

Yalani timitengo touma tiwiri, ikani zidutswa pamwamba motalikirana ngati chala chimodzi kapena ziwiri, yalaninso timitengo tiwiri molunjika pamwamba pa toyamba tija, n'kusanjanso zina. Zikakhala zopyapyala ngati timatabwa, tsindikani pamwamba ndi njerwa kuti zisapindike.

Chenjezo: pewani dzuwa, pafupi ndi moto, pamwamba kufupi ndi malata, m'galimoto yotsekedwa, ndi kutsogolo kwa fani. Malo onsewa amaumitsadi msanga, koma amaumitsa kunja kokha.

Gawo 8: Yenderani sabata iliyonse

Yezani chidutswa chilichonse kamodzi pasabata, mulembe. Poyamba kulemera kumatsika kwambiri, kenako kumayamba kutsika pang'onopang'ono. Musanyengeke ndi kutsika koyambako. Madzi oyamba kutuluka ndi omwe amangokhala m'timabowo, ndipo kutuluka kwawo sikuchepetsa mtengo. Kuchepa kumayamba chinyezi chikatsika pansi pa 30 peresenti kapena pafupi ndi apo, pamene madzi omwe ali mu ulusi weniweniwo ayamba kuchoka. Choncho chidutswa chomwe chapepuka kale m'manja chikhoza kukhala kuti ndi pomwe chikuyamba kudzikoka m'kati.

Poyeza, yang'anani mitu pa kuwala. Mukaona kamng'alu konga tsitsi pansi pa guluu, musadikire kuona ngati kakule. Kakula. Dulani mutuwo mpaka pomwe kathera, matani mwatsopano, mubwezere chidutswacho m'thumba kwa sabata ina. Kamng'alu kakang'ono ka m'mbali mungakaimitse podontheza supaguluu wamadzimadzi m'menemo, koma dziwani kuti adzasiya banga lomwe lidzaoneka mukadzapaka mafuta.

Mukaona chuku choyera kapena chobiriwira pamwamba, pukutani ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti, mutalikitse zidutswa kuti mpweya uzidutsa bwino. Timulu ta ufa wosalala pansi pa mtengo ndi timabowo tonga ta singano ndi chizindikiro chakuti tizilombo talowa. Chidutswa chimenecho chipatuleni msanga.

Gawo 9: Kudziwa kuti wauma

Mtengo wauma pamene kulemera kwake kwasiya kusintha. Mukayeza masabata atatu otsatizana n'kupeza nambala imodzimodzi, kapena kusiyana kwa galamu imodzi kapena awiri kokwera ndi kutsika, wafika pofanana ndi mpweya wa pamalopo. Madzi sanatheretu, ndipo sadzatheratu. Mtengo umamwa ndi kutulutsa chinyezi moyo wake wonse motsata mpweya. Chinyezi cha mumpweya chikakhala 50 peresenti, mtengo umakhazikika pafupi ndi 9 peresenti. Pa 65 umakhala pafupi ndi 12, pa 80 pafupi ndi 16.

Tanthauzo lake n'lakuti mtengo womwe waumira m'shedi m'nyengo yamvula udzapitiriza kuuma mukadzaulowetsa m'nyumba youma. Choncho musanayambe kusema, usamutsireni m'chipinda chofanana ndi komwe chosemacho chidzakhale, ukhalemo masabata awiri mpaka anayi, mukuuyezabe.

Mudzamva akalipentala akunena kuti thabwa limafuna chaka chimodzi pa mamilimita 25 alionse a kunenepa kwake. Mawuwa ndi ongopereka chithunzi. Kachidutswa kakang'ono ka mtengo wofewa kamauma m'miyezi yochepa chifukwa mpweya umakafika mbali zonse zinayi, pamene chidutswa cha mtengo wolimba chonenepa masentimita 8 kapena 10 chingapitirire zaka ziwiri. Kalendala ikupatseni chiyembekezo, koma chigamulo chichokere pasikelo.

Ngati muli ndi kamakina ka timano, kumbukirani kuti kamawerenga pomwe timanoto tafika basi. Kuti mudziwe za m'kati, dulani mutu mubaye pakati pa malo odulidwa kumenewo.

Gawo 10: Dulani mitu, thanani ndi tizilombo

Dulani mitu yomatidwa ija, muyesenso kachigawo kopyapyala monga munachitira poyamba. Ngati mukukayika za tizilombo, kutentha kumatipha. Muyezo wa padziko lonse wa matabwa olongedzera katundu, ISPM 15, umafuna kuti pakati pa mtengo pafike madigiri 56 kwa mphindi 30. Pa kachidutswa kouma kale, uvuni wa madigiri 60 mpaka 70 kwa maola awiri kapena atatu ukwanira. Chitani zimenezi pa mtengo wouma wokha, wauwisi ungang'aluke.

Njira yachidule yomwe ndi yabwino koposa: semani udakali wauwisi

Pa masipuni ndi timbale, palibe chifukwa chodikira kuti chipika chonse chiume. Mtengo wauwisi ndi wofewa, mpeni umangoyenda, ndipo chinthu chopyapyala chimauma msanga osang'aluka chifukwa chimatha kupindika pang'ono m'malo mosweka.

Semani mpaka maonekedwe aoneke koma musamalize. Chofunika kwambiri ndi chakuti kunenepa kufanane ponseponse. Mbale ya m'mbali mopyapyala ndi pansi pokhuthala imang'aluka pomwe ziwirizi zakumana. Pa mbale, siyani khoma lonenepa ngati gawo limodzi mwa magawo khumi a kutambalala kwake: mbale yotambalala masentimita 20 ikhale ndi khoma la masentimita 2, kuti ikadzakhota pouma mudzakhale ndi popala poiwongola. Pakani guluu kunja pa mbali ziwiri zomwe pali mitu ya ulusi, muike m'thumba la pepala ndi tizibanthu take. Sipuni imauma pa sabata imodzi kapena ziwiri. Ikauma, malizani ndi mpeni wonoledwa kumene. Mudzaona kusiyana kwake: pa mtengo wouma mpeni umasiya malo osalala onyezimira, pamene pa wauwisi umasiya ubweya.

Kachiboliboli kofunika nthambi yathunthu, kabooleni ndi dirilo kuchokera pansi motsata mtima, mozama mmene mungathere, kapena kumbani kumbuyo kwake ngati kadzatsamira khoma. Mukatero kaziuma kuchokera m'kati ndi kunja nthawi imodzi, ndipo mizere yakunja ipeza mpata wodzikokera.

Mukakhala pachangu

Microwave imagwira ntchito pa tinthu tating'ono tosemedwa kale, popeza imatenthetsa madzi a m'kati. Yezani kaye. Ikani pa mphamvu yotsika, ija yosungunulira zouma ndi chisanu, kwa masekondi 30 mpaka mphindi imodzi. Tulutsani. Mtengo uzimveka wofunda woti mungaugwire ndi dzanja, osati wootcha. Usiyeni uzizireretu, mphindi 20 kapena kuposerapo, muyeze, mubwereze. Siyani kulemera kukaleka kutsika. Apa pamafunika maso: mtengo umatha kuyamba kunyeka m'kati kunja kukuoneka bwinobwino, n'kudzayaka pambuyo pake muli kwina. Mukamva fungo la kupserera, uikeni panja pa simenti kutali ndi chilichonse, kapena muuviike m'madzi. Musaikemo mtengo wa msomali, wopaka phula kapena woviikidwa m'sipiriti, ndipo musachokepo ikamagwira ntchito.

Bokosi la babu ndi njira yofatsa. Pangani bokosi lamatabwa la timabowo pansi ndi pamwamba, muikemo babu lakale lija lotentha, losakhudza mtengo kapena khoma la bokosilo. Kutentha kwa madigiri 30 mpaka 40 n'kokwanira. Ndi labwino pomalizitsa zidutswa zomwe zauma kale kwa mwezi umodzi kapena iwiri, osati zongodulidwa kumene.

Opanga mbale ena amawiritsa chosemacho m'madzi, ola limodzi pa mamilimita 25 alionse, kenako n'kuchikulunga m'pepala. Ena amachiviika m'sipiriti usiku wonse. Njira ziwirizi zimathandiza pa mitengo yovuta, ngakhale kuwiritsa kumasintha mtundu wa mtengo pang'ono, ndipo sipiriti amayaka msanga, sasewera naye pafupi ndi moto. Palinso PEG 1000, mankhwala onga phula omwe amalowa mu ulusi n'kuuletsa kuchepa. Amagwiradi ntchito, koma mtengo umatsala wonanda, ndipo guluu ndi vanishi wambiri sagwirapo bwino.

Uvuni wa kukhitchini pa mtengo wauwisi, ayi. Ngakhale pa moto wotsikitsitsa umaumitsa kunja mothamanga kwambiri.

Tizigawo tozungulira ta khungwa

Anthu amakonda tizigawo todulidwa chopingasa, tooneka mizere yonse ndi khungwa m'mphepete. Palibe chovuta kuumitsa kuposa timeneti, chifukwa ndi mitu yokhayokha ndipo mtima uli pakati. Kachigawo kakakhala kakang'ono ndi kopyapyala, mwayi umakula. Kudula mopendekeka kumathandiza. Kuboola pakati n'kuchotsa mtima kumathandiza kwambiri. Njira ina ndi kuvomereza kuti mng'alu ubwera: chekani nokha ndi sowo mzere umodzi kuchokera kukhungwa kufika pakati. Mzerewo udzatseguka pouma m'malo moti mtengo ung'ambike pomwe wafuna, ndipo pambuyo pake mudzatsekapo ndi kachidutswa ka mtengo womwewo. Dulani tambiri kuposa tomwe mukufuna.

Zolakwika zomwe zimabwerezedwa kawirikawiri

Kudikira mawa kuti mudzamate mitu. Ngati mulibe chomatira pomwe mwadulira, lowetsani mitu m'jumbo mumange, mudzamate mukafika.

Kusiya mtima m'kati chifukwa nthambiyo ndi yaing'ono. Ngakhale yonenepa masentimita 5 imang'aluka. Timitengo tochepera apo ndi tomwe nthawi zina timapulumuka.

Kuyanika padzuwa poganiza kuti ola limodzi silingawononge. Pa chosema chopyapyala chauwisi, ola limodzi likwanira.

Kusanja ndi timitengo tauwisi tolekanitsira. Timasiya mizere yakuda pomwe tagunda, ndipo mizereyo imalowa mozama.

Kupaka mafuta kapena vanishi mtengo usanaume pofuna kuletsa ming'alu. Mafuta saletsa mng'alu, ndipo vanishi pa mtengo wonyowa amachita mbuu n'kuyamba kusendeka.

Kukhulupirira dzanja ndi khutu. Mtengo umamveka wouma pokhudza ndipo umalira bwino pougogoda kudakali kutali kuti m'kati muume.

Kutsekera mng'alu msanga. Mukathira guluu ndi utuchi mumng'alu wa mtengo womwe ukuumabe, mng'aluwo udzatsegukanso pambali pake. Dikirani kulemera kukhazikike kaye, kenako semani kachidutswa kopyapyala ka mtengo womwewo, ulusi wake uyang'ane komwe wa chosemacho ukuyang'ana, mukapake guluu, mukakhomere mumng'alumo pang'onopang'ono, ndipo guluu akauma mupale chotsalira ndi mpeni.